Adzukulu a mu Ubongo: Mmene Khansa Imawalembera Ganyu

Tikamaphunzitsana za chitetezo cha m'thupi m'makalabu athu, nthawi zambiri timati ndi asilikali. Timajambula pabolodi asilikali atanyamula mikondo, tizilombo toyambitsa matenda tikuthawa. Chithunzi chimenechi n'chabwino ndipo chathandiza anthu ambiri kumvetsa. Komatu si ntchito yonse ya chitetezo imene ili yankhondo. Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kunyamula akufa ndi kuwaika. M'thupi mwathu muli asilikali, komanso muli adzukulu.

Achinyamata anzanga, ulendo uno tikambirane za adzukulu amenewa, makamaka amene amagwira ntchito mu ubongo, ndi mmene khansa ina yoopsa yotchedwa glioblastoma imawapusitsira mpaka kuyamba kuigwirira ntchito. Nkhaniyi ingaoneke ngati ya madokotala okhaokha, koma ikuyankha funso limene ambiri timafunsa: ngati thupi lili ndi chitetezo, chimalephera bwanji kuthana ndi chotupa chimene chikuchiona tsiku ndi tsiku?

Maliro a tsiku ndi tsiku

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kusiyana kwake n'kwakuti njerwa za thupi zili ndi moyo, zimakalamba ndipo zimafa. Mu 2021 akatswiri awiri a ku Israel, Ron Sender ndi Ron Milo, anawerengetsera kuti tsiku lililonse thupi la munthu wamkulu limataya ndi kubwezeretsa maselo pafupifupi 330 biliyoni, ambiri mwa iwo a m'magazi. Selo lofiira la m'magazi limakhala masiku pafupifupi 120 basi. Tangoganizani mitembo yonseyi ikanati izingosiyidwa pamene yagwera!

Selo limafa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi imfa yangozi. Mukapsa ndi moto, mukadzitema ndi chikwanje, kapena magazi akasiya kufika pamalo ena, maselo a pamenepo amafufuma n'kuphulika, zam'kati mwake n'kumwazikira paliponse. Zimakhala ngati mfuu ya usiku, mudzi wonse umadzuka. Asilikali a m'thupi amathamangira pamalopo, ndipo m'pamene timaona kutupa, kufiira, kutentha ndi kupweteka. Imfa imeneyi madokotala amaitcha necrosis.

Yachiwiri ndi imfa yokonzekera. Selo likakalamba, likawonongeka kapena ntchito yake ikatha, limadzizimitsa lokha mwadongosolo. Limakhwinyata, limaduladula zam'kati mwake n'kuzimanga m'timaphukusi tosadontha. Mu 1972 akatswiri atatu, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, ali ku Aberdeen m'dziko la Scotland, anaipatsa dzina loti apoptosis, mawu a Chigiriki onena za kuyoyoka kwa masamba mumtengo. Imfa imeneyi si matenda ayi. Mwana akakhala m'mimba, zala zake poyamba zimakhala zolumikizana ngati mapazi a bakha, ndipo zimalekana chifukwa maselo a pakati pake amafa mwa njira yomweyi.

Ndani amanyamula mitemboyi?

Mu 1882 Élie Metchnikoff, katswiri wobadwira mu ufumu wa Russia, anali ku Messina m'dziko la Italy akufufuza tiana ta kanyama ka m'nyanja kotchedwa starfish. Tianati n'toonekera m'kati ngati galasi. Iye anatibaya ndi minga ya duwa la rozi, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo ena oyendayenda atazinga mingayo. Apa m'pamene anthu anayamba kumvetsa kuti m'thupi muli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza zinthu zosafunika. Metchnikoff analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Maselo aakulu omezawa amatchedwa ma macrophage, kutanthauza odya kwambiri, ndipo amapezeka m'chiwindi, m'mapapo, m'kapamba, pakhungu ndi m'malo ena onse.

Ma macrophage amameza mabakiteriya, koma amamezanso maselo athu omwe akafa. Ntchito yachiwiriyi inapatsidwa dzina mu 2003 loti efferocytosis, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kunyamula kupita kumanda. Ndiye tikamati adzukulu sitikungopeka, akatswiri enieniwo anaganizanso za maliro.

Chodabwitsa n'chakuti selo limene likufa limatumiza lokha uthenga wa maliro ake. Limatulutsa timankhwala tina, monga kotchedwa ATP, timene timafalikira ngati fungo, ndipo adzukulu amalondola fungolo mpaka kufika. Akafika amafunika kudziwa kuti womwalira ndi uti pakati pa maselo ambirimbiri amoyo. Pakhungu la selo lililonse pali mtundu wina wa mafuta wotchedwa phosphatidylserine. Selo likakhala lamoyo limabisa mafutawa kumbali ya m'kati. Likamafa limawatembenuzira kunja. Zili ngati masamba aja timaika pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Mayi wina wofufuza wa ku Denver m'dziko la America, Valerie Fadok, ndi anzake ndiwo anaonetsa mu 1992 kuti ma macrophage amazindikira womwalira ndi chizindikiro chimenechi. Amachigwira ndi timanja tapadera timene ali nato pakhungu pawo. Kamodzi mwa timanjati kamatchedwa MerTK. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso.

Selo lamoyo lili ndi chizindikiro chakechake chonena kuti "ndili moyo, musandidye". Chodziwika kwambiri ndi puloteni yotchedwa CD47. Mdzukulu akaigunda amabweza dzanja n'kupitirira.

Tsopano nayi mfundo imene nkhani yonseyi yagonapo. Mdzukulu akameza selo lofa mwadongosolo sangokhala chete. Amatulutsa timankhwala toziziritsa, monga totchedwa TGF-beta ndi IL-10, timene timauza asilikali kuti: "Pano palibe mdani, uyu wafa yekha, bwererani." Amayambanso kutulutsa zinthu zothandiza kumanga, zoitana mitsempha yatsopano ya magazi ndi zolimbikitsa maselo oyandikana kuti aswane n'kutseka mpata. Zonsezi n'zanzeru. Pamaliro sapamenyedwa nkhondo. Thupi likanati lizidzutsa asilikali pa selo lililonse lakufa, bwenzi tikukhalira kutupa ndi kutentha thupi moyo wathu wonse. Ndipo mitembo ikachedwa kunyamulidwa imaphulika, asilikali n'kuyamba kuona zam'kati mwa maselo athu ngati adani. Kulephera kuchotsa maselo akufa ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapezeka pa matenda otchedwa lupus, pamene chitetezo chimaukira mwini wake.

Ubongo uli ndi adzukulu akeake

Palibe malo amene amafuna maliro abata kuposa ubongo. Mwendo ukatupa, khungu limatambasuka. Ubongo uli m'chigaza, ndipo chigaza sichitambasuka. Kutupa pang'ono kumapanikiza mbali zimene zimayendetsa kulankhula, kuona ngakhale kupuma. Komanso maselo oganizira a mu ubongo akafa, ambiri sabwezeretsedwa. N'chifukwa chake mitsempha ya magazi ya mu ubongo inamangidwa mothinana kwambiri ngati mpanda, kuti tizilombo, mankhwala ambiri ngakhalenso asilikali a m'magazi asamalowe mwachisawawa.

M'kati mwa mpandawu muli adzukulu a pamudzi pomwepo otchedwa ma microglia. Anawafotokoza koyamba ndi dokotala wa ku Spain, Pío del Río Hortega, mu 1919 ku Madrid, atapaka tizidutswa ta ubongo mankhwala a siliva kuti maselowa aoneke. Pa maselo 10 alionse a mu ubongo, pafupifupi limodzi ndi microglia. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti maselowa amangogona kudikira ngozi. Mu 2005 magulu awiri a akatswiri anakwanitsa kujambula ubongo wa mbewa yamoyo, ndipo anaona kuti ma microglia sapuma. Amatambasula ndi kubweza timanja tawo nthawi zonse, kufufuza ngodya iliyonse, ndipo pakachitika bala timanjato timalunjika pamenepo m'mphindi zochepa. Mu 2010 zinadziwikanso kuti maselowa amalowa mu ubongo mwana asanabadwe, mimba ikadali yaing'ono kwambiri, ndipo amaswana momwemo moyo wonse. Sachokera m'mafupa ngati mmene amachitira maselo a m'magazi.

Chotupa chimene chimakula ndi maliro

Zotupa za mu ubongo zilipo zamitundu yoposa 100, ndipo zambiri si khansa. Koma pa khansa zimene zimayambira mu ubongo momwemo mwa anthu akuluakulu, glioblastoma ndiyo imapezeka kwambiri, ndiponso ndiyo yaukali kuposa zonse. Ku America imagwira anthu pafupifupi atatu pa anthu 100,000 alionse pachaka, ambiri a zaka za m'ma 60, amuna kuposerako akazi. Ndi imene inapha aphungu awiri otchuka a dzikolo, Ted Kennedy mu 2009 ndi John McCain mu 2018. Ndikutchula anthu amenewa kuti muone kuti ngakhale amene ali ndi ndalama ndi zipatala zapamwamba, matendawa amawagonjetsa. Si opatsirana, ndipo si olodzedwa.

Chithandizo chimene chikugwiritsidwa ntchito mpaka lero chinakhazikika mu 2005, pamene dokotala Roger Stupp wa ku Switzerland ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 573. Wodwala amachitidwa opaleshoni kuchotsa chotupa mmene angathere, kenaka amalandira rediyesheni, yomwe ndi cheza champhamvu chowotcha maselo, kwa masabata 6, pamodzi ndi mapiritsi otchedwa temozolomide. Pakafukufukuyo, theka la amene analandira zonse ziwiri anapitirira miyezi 14.6 ali moyo, pomwe kwa amene analandira rediyesheni yokha inali miyezi 12.1. Patatha zaka ziwiri, amoyo anali 26 pa 100 alionse m'gulu loyamba ndi 10 pa 100 m'gulu lachiwiri. Kumeneku kunali kupita patsogolo ndithu, koma mukuona nokha kuchepa kwa miyeziyo.

Dokotala akaika kachidutswa ka glioblastoma pa maikulosikopu, chimodzi mwa zizindikiro zimene amayang'ana ndi madera a maselo akufa. Chotupachi chimakula mofulumira kuposa mmene mitsempha ya magazi ingachifikire, moti maselo a pakati pake amasowa mpweya ndi chakudya n'kufa. Ena amaphulika, ena amafa mwadongosolo. Choncho m'chotupamo muli maliro osatha. Ndipo kumene kuli maliro, adzukulu amapita.

Amapitadi mwaunyinji. Ma microglia a pafupi amasonkhana m'mphepete. Chotupacho chimatulutsanso timankhwala toitana, monga totchedwa CCL2 ndi CSF-1, ndipo chifukwa mpanda wa mitsempha umakhala utabooka pamalopo, maselo ochokera m'mafupa amalowa kudzera m'magazi n'kusanduka ma macrophage. Akatswiri akawerenga maselo a m'chotupa cha glioblastoma amapeza kuti pakati pa 30 ndi 50 pa 100 alionse akhoza kukhala ma microglia ndi ma macrophage. Imvaninso bwino pamenepa. Chotupa chimene dokotala akuchotsa m'mutu mwa munthu, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso theka, si maselo a khansa koma maselo a chitetezo.

Nanga bwanji sachidya n'kuchimaliza?

Yankho lake n'lakuti adzukuluwo akugwira ntchito yawo molondola, koma pamalo olakwika. Selo lililonse lakufa la khansa limene ameza limawachititsa kulengeza uthenga uja woti pano palibe mdani. Tsiku ndi tsiku TGF-beta ndi IL-10 zimachuluka m'chotupamo. Asilikali enieni opha khansa, amene ndi maselo a T, ochepa amene akwanitsa kulowa amafika pamalo pamene aliyense akuwauza kuti akhale pansi. Amafooka n'kusiya kumenya. Komanso mtembo ukamezedwa msanga ndi kugayidwa mwakachetechete, zizindikiro zimene zikanaulula kuti selo limeneli linali lachilendo zimakwiriridwa nawo limodzi. Umboni umapita kumanda.

Sizithera pomwepo. Paja tanena kuti mdzukulu akamaliza kuika maliro amayamba ntchito yomanga. Kwa iye chotupa ndi bala limene likufunika kupola. Ndiye amatulutsa VEGF, mankhwala oitana mitsempha yatsopano ya magazi, ndipo mitsemphayo imabweretsa chakudya kwa khansa. Amatulutsa zinthu zofewetsa minofu yozungulira kuti amange bwino, ndipo maselo a khansa amadutsa m'njira zomwezo kulowerera mu ubongo wabwinobwino, kumene mpeni wa dokotala sungafike. Pamene maselo amoyo a khansa, ambiri amavala CD47 yochuluka, chizindikiro chija cha "musandidye". Mdzukulu amanyamula akufa okhaokha, amoyo n'kumawalambalala.

Mu 2024 gulu la Leila Akkari ku Netherlands Cancer Institute mumzinda wa Amsterdam linaonetsa chinthu china chimene kwa ine n'chomvetsa chisoni kuposa zonse. Mitsempha ya mu ubongo inakutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga mmene waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Chotupa chikamawononga ubongo, zidutswa za myelin zimatsala mbwee, ndipo ma macrophage amazimeza pofuna kuyeretsa. Amakhuta mafuta mpaka kufufuma. Akatswiriwa anapeza kuti kenaka mafutawo amaperekedwa kwa maselo a khansa, amene amawagwiritsa ntchito pomangira maselo atsopano. Ndiye kuti chotupa chimagumula nyumba, mdzukulu amatola njerwa, n'kukazipereka kwa wogumula yemweyo.

Asilikali nawonso amatsekeredwa kutali. Mu 2018 gulu la dokotala Peter Fecci pa yunivesite ya Duke ku America linapeza kuti odwala ena a glioblastoma, asanalandire chithandizo chilichonse, anali ndi CD4 yotsika ngati ya munthu amene akudwala Edzi, chikhalirecho alibe kachilombo ka HIV. Maselo a T sanafe ayi. Anapezeka ataunjikana m'mafupa, akulephera kutuluka.

Ndiye pali vuto limene madokotala amalimbana nalo. Rediyesheni ndi temozolomide zimagwira ntchito popha maselo a khansa, ndipo n'zofunika, zimatalikitsa moyo. Koma kupha maselo ambiri nthawi imodzi ndi kuchulukitsa maliro, ndipo maliro akachuluka, adzukulu amachuluka, uthenga wa bata n'kukulanso. Maselo ochepa a khansa amene apulumuka amadzuka pamalo okonzedwa bwino, opanda wowalonda. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri akuzifufuza pofuna kumvetsa chifukwa chake glioblastoma imabwereranso pafupifupi mwa wodwala aliyense, nthawi zambiri pafupi ndi pamene inali.

Zimene akatswiri ayesa

Njira yoyamba imene inapatsa anthu chiyembekezo inali yodzutsa asilikali. Pali mankhwala amene amamasula maselo a T kuti amenye khansa, ndipo James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha nzeru imeneyi. Pa khansa ina ya pakhungu ndi ya m'mapapo mankhwalawa apulumutsa anthu ambiri. Koma atayesa amodzi mwa iwo, otchedwa nivolumab, pa odwala 369 amene glioblastoma inawabwerera, sanapose mankhwala akale: miyezi 9.8 poyerekeza ndi miyezi 10. Kumasula msilikali sikuthandiza ngati sali pamalo a nkhondo, kapena ngati onse omuzungulira akumugwira mkono.

Ena anati, bwanji tichotse adzukuluwo? Ma macrophage amadalira CSF-1 kuti akhale moyo. Mu 2013 Johanna Joyce ndi gulu lake ku New York anapatsa mbewa za zotupa za mu ubongo mankhwala otseka njira imeneyi. Zotupa zinachepa kwambiri. Chodabwitsa chinali chakuti ma macrophage a m'chotupa sanafe monga ankayembekezera, koma anasintha khalidwe, anasiya kuthandiza khansa. Izi zinaonetsa kuti mdzukulu akhoza kuphunzitsidwanso. Koma mu 2016 gulu lomwelo linanena kuti mwa mbewa zoposa theka zotupa zinabwereranso, ndipo mankhwala ena a mtundu womwewo atayesedwa pa anthu odwala glioblastoma sanathandize.

Njira yachitatu ndi kuvula khansa chizindikiro cha "musandidye". Irving Weissman ndi anzake pa yunivesite ya Stanford anaonetsa mu 2009 kuti maselo a khansa ya m'magazi amabisala kuseri kwa CD47, ndipo mu 2017 akatswiri a komweko anaonetsa kuti kutseka CD47 kunachititsa ma macrophage kudya maselo a zotupa za mu ubongo za ana zimene zinaikidwa mwa mbewa. Kampani ya Gilead inagula kampani yopanga mankhwalawa mu 2020 pamtengo wa madola 4.9 biliyoni. Vuto n'lakuti maselo ofiira a m'magazi nawonso amadziteteza ndi CD47 yomweyo, ndiye odwala amachepa magazi. Mu 2024 kampaniyo inasiya kuyesa mankhwalawa, otchedwa magrolimab, pa khansa za m'magazi ataona kuti sakuthandiza ndipo pakafukufuku wina imfa zinachuluka.

Tsopano tibwerere kwa MerTK, kadzanja konyamulira mitembo kaja. Ganizo lake ndi ili: ngati maliro abata ndiwo akugoneka asilikali, tiyeni tiletse adzukulu kwa kanthawi. Mitembo ikatsala idzaphulika, mfuu idzamveka, asilikali adzabwera n'kuona mdani. Mu 2020 akatswiri a kampani ya Genentech ku America anaonetsa mwa mbewa za zotupa za m'malo ena a thupi kuti kutseka MerTK kunadzutsadi chitetezo, ndipo mankhwala omasula maselo a T anagwira ntchito bwinopo. Ganizoli likufufuzidwanso pa zotupa za mu ubongo, makamaka pophatikiza ndi rediyesheni. Koma apanso pali msampha. Kuseri kwa diso kuli maselo amene tsiku lililonse amadya nsonga zotha ntchito za maselo oonera, ndipo amagwiritsa ntchito MerTK yemweyo. Makoswe obadwa ndi MerTK wowonongeka amachita khungu, chimodzimodzinso anthu amene anabadwa ndi vuto limeneli. Komanso kudzutsa mfuu m'kati mwa chigaza ndi kuitana kutupa pamalo pamene sipafuna kutupa. Odwala ambiri amapatsidwa kale mankhwala otchedwa dexamethasone kuti ubongo uphwe, ndipo mankhwala amenewo amafooketsanso chitetezo. Dokotala amakhala pakati: akaziziritsa, khansa imapeza mpata, akatenthetsa, ubongo umapanikizika.

Mwaona kuti mawu oti mbewa abwera kambirimbiri. Mukamva pawailesi kapena kuwerenga pa Facebook kuti apeza mankhwala a khansa ya mu ubongo, funso loyamba likhale lakuti, kodi achiza mbewa kapena anthu? Mbewa zambiri zachira, pamene mankhwala ake atafika kwa anthu alephera.

Kusowa asilikali ndi kupusitsidwa kwa asilikali

Pali chotupa china cha mu ubongo chimene nkhani yake ndi yosiyana, ndipo n'kofunika kuti tisasokoneze ziwirizi. Chimatchedwa lymphoma ya mu ubongo. Chimabwera kawirikawiri kwa munthu amene kachilombo ka HIV kamufooketsa kwambiri, makamaka CD4 ikatsika kuchepera 50. Pafupifupi nthawi zonse chimayenda ndi kachilombo kena kotchedwa Epstein-Barr, kamene anthu ambiri padziko lapansi tili nako koma chitetezo chimakapondereza. Asilikali akatha, kachilomboka kamachititsa maselo ena oyera kuswana mosalekeza. Apa vuto ndi kusowa kwa alonda, ndipo n'chifukwa chake chotupachi chinachepa kwambiri m'mayiko amene ma ARV ophatikiza anayamba kupezeka kuyambira 1996. Dziwaninso kuti ma microglia ndi ma macrophage ndi ena mwa maselo amene HIV imalowamo ndi kubisalamo mu ubongo. Ichi ndi chifukwa chinanso chosadumphitsira mankhwala.

Pa glioblastoma maselo a chitetezo alipo, adzaza chotupa chonse, koma akugwirira ntchito mdani. N'chifukwa chake ine ndimakwiya ndikamva anthu ogulitsa timabotolo ndi ufa m'misika ndi m'maminibasi akunena kuti mankhwala awo "amakweza chitetezo" ndiye amachiza khansa iliyonse. Akweza chitetezo chiti? Ngati akatswiri okhala ndi makina a mabiliyoni akuvutika kusankha selo loti alidzutse ndi loti aligoneke, botolo la pamsika silingadziwe kusiyanitsa. Chimene limachita ndi kudya ndalama za banja ndi kuchedwetsa wodwala kupita kuchipatala.

Musachite mantha ndi mutu uliwonse. Mutu wambiri umapweteka chifukwa cha malungo, kutopa, ludzu, njala kapena maso, ndipo glioblastoma si kawirikawiri kugwira achinyamata. Za mafoni a m'manja, kafukufuku wamkulu amene bungwe la WHO linapempha, wotuluka mu 2024, sanapeze umboni woti amayambitsa khansa ya mu ubongo. Koma pali zizindikiro zosayenera kuzengereza nazo: mutu umene ukukulirakulira kwa masabata, makamaka wopweteka kwambiri m'mawa pamodzi ndi kusanza, kukomoka ndi kugwedezeka kwa munthu wamkulu amene sanadwalepo khunyu, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, kulephera kupeza mawu polankhula, kapena kusintha khalidwe mosadziwika bwino. Kusintha khalidweku n'kumene kumapusitsa mabanja ambiri, chifukwa amathamangira kunena kuti munthu wachita misala kapena amulodza.

Kwa munthu amene ali ndi HIV, zizindikiro zomwezi nthawi zambiri sizikhala za khansa. Zimatha kukhala matenda oumitsa khosi oyamba ndi cryptococcus, TB ya mu ubongo kapena toxoplasmosis, ndipo onsewa ali ndi mankhwala ngati munthu wafika msanga. Wotereyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo apite ndi munthu amene waona mmene zinayambira, chifukwa wodwala mwiniwake mwina sangathe kufotokoza. Achipatala ndiwo angapime magazi ndi madzi a pamsana, ndipo akaona kuti m'pofunika kujambula m'mutu ndi makina a CT kapena MRI, amamutumiza kuchipatala chachikulu.